Kuphunzira kosi ya ku yunivesite pa nthawi yanu mothandizidwa ndi gulu la tutorial la pa intaneti

Anthu amene ndawaona akusiyira panjira maphunziro a patali sanali ofooka m'mutu ayi. Anali anthu ogwira ntchito, olera ana, osamalira odwala, amene anasankha njira imeneyi chifukwa imalola munthu kuwerenga pa nthawi imene wapeza mpata. Chimene chinawakopacho n'chomwenso chinawagwetsa. Kulibe belu, kulibe woitana mayina, ndipo mukajomba palibe mpando wopanda munthu woti wina auone n'kufunsa kuti kodi auje ali kuti. Mumati ndiwerenga Loweruka, Loweruka n'kubwera ndi zake. Podzidzimuka, asayimenti yatsala masiku atatu inu musanatsegule buku.

Inenso ndinaphunzira ndili pa ntchito, ndipo chimene chinandisunga chinali kagulu ka anthu amene ankandiyembekezera Lachitatu lililonse madzulo. N'chifukwa chake ndikufuna ndikufotokozereni mwatsatanetsatane mmene mungagwiritsire ntchito gulu lotere kuti likupindulireni.

Gulu la tutorial ndi kagulu ka ophunzira a phunziro limodzi kamene yunivesite imakapatsa mphunzitsi wake, amene ambiri amangomutcha tutor. Lekichala amakonza phunziro n'kuphunzitsa khamu lonse, pamene tutor amakhala pafupi nanu: amayankha mafunso, amatsogolera zokambirana, ndipo m'mayunivesite ambiri ndiye amachonganso ma asayimenti. Nzeru imeneyi ndi yakale. Open University ya ku Britain, imene inakhazikitsidwa mu 1969 n'kuyamba kuphunzitsa mu 1971, inkatumiza mabuku pa positi ndi kuulutsa maphunziro kudzera pa BBC, komabe inkaonetsetsa kuti wophunzira ali ndi tutor womufikira. Yunivesite ya UNISA ya ku South Africa, imene inayamba kuphunzitsa anthu a patali mu 1946, lero imaika ophunzira a maphunziro ake ena m'magulu a pa intaneti otsogoleredwa ndi ma e-tutor. Chimene chasintha n'chakuti kale munkakwera galimoto kupita kokumanirana, lero malowo muli nawo m'thumba.

Choyamba, werengerani maola anu

Musanalowe m'gulu lililonse, dziwani kuti phunzirolo likufuna nthawi yochuluka bwanji. Yankho lili pa makirediti. Ku Britain ndi ku South Africa, kirediti imodzi imaimira maola 10 a ntchito ya wophunzira. M'mayiko a ku Ulaya otsatira ndondomeko ya ECTS, imodzi imaimira maola 25 mpaka 30. Ndiye tiyerekeze kuti phunziro lanu ndi la makirediti 15 a maola khumikhumi, ndipo semesita ndi ya masabata 15. Amenewo ndi maola 150, kutanthauza maola 10 pa sabata. Tutorial itenga ola limodzi kapena awiri. Maola 8 kapena 9 otsalawo ndi anu nokha, inu ndi buku. Mukatenga maphunziro atatu otere, mwadzisenzetsa maola 30 pa sabata, pafupifupi ntchito yachiwiri. Chitani masamu amenewa musanalembetse, chifukwa ndi bwino kutenga maphunziro awiri n'kukhoza kusiyana n'kutenga anayi n'kubwereza atatu.

Kenako tengani pepala, jambulani sabata yanu yonse, muikemo ntchito, banja, tulo ndi maulendo. Zimene zatsalazo zigaweni patatu. Pali nthawi ya mutu wozizira, mwina m'mamawa anthu asanadzuke kapena usiku ana atagona. Imeneyo muisungire zovuta, monga kuwerenga mutu watsopano ndi kulemba. Pali timphindi tapakatipakati, pa ulendo kapena popuma kuntchito. Timeneto n'tabwino poyankha mauthenga a m'gulu ndi kumvetsera zojambulidwa za ma tutorial. Ndiye pakhale chigawo chimodzi cha maola awiri chimene simunaikepo kanthu, chodikira sabata imene mwana wadwala kapena abwana akuchedwetsani.

Ufulu umene mwapatsidwa ndi wosankha nthawi, koma nthawiyo iyenera kusankhidwadi ndi kulembedwa. Mukatero, auzeni apakhomo panu. Munthu amene wauzidwa kuti Lachitatu kuyambira 7 koloko mpaka 8 koloko muli m'kalasi amakusungirani chitseko. Amene sanauzidwe amangoona munthu wokhala pa foni.

Chachiwiri, lowani m'gulu sabata yoyamba yomweyo

Mayunivesite ambiri amaika maphunziro awo pa mapulogalamu a pa intaneti monga Moodle, Canvas kapena Blackboard, ndipo misonkhano yoonana imachitikira pa Zoom, Microsoft Teams, Google Meet kapena BigBlueButton. Lowani tsiku limene mwalandira pasiwedi, pezani dzina la tutor wanu ndi gulu limene akuikani. Ngati simukupezeka m'gulu lililonse, lemberani a dipatimenti tsiku lomwelo. Vuto limeneli limakonzeka m'mphindi zochepa sabata yoyamba, koma likafika sabata yachinayi mumakhala mutataya kale zambiri.

Pali mafunso ochepa oti muwapezere mayankho m'chikalata chofotokoza phunzirolo, kapena kwa tutor. Kodi kupezeka pa tutorial kuli ndi malikisi? Kodi misonkhano imajambulidwa, ndipo zojambulidwazo zimakhalapo mpaka liti? Kodi zolemberana za m'gulu zimachongedwa? Tutor amayankha pakapita masiku angati, ndipo amafuna kumulembera pati? Masiku onse operekera ma asayimenti ndi a mayeso muwaike mu kalendala ya pa foni, ndi chikumbutso cha sabata imodzi tsikulo lisanafike.

Ngati yunivesite yanu ili m'dziko lina, samalani ndi wotchi. Mayiko ambiri a ku Ulaya amasintha nthawi Lamlungu lomaliza la Malichi ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala, kotero tutorial imene mwaizolowera ikhoza kusuntha ndi ola lathunthu pakati pa semesita. Chimodzimodzi nthawi yotsekera kulandira asayimenti. Ndipo imelo ya yunivesite muiike pa foni, chifukwa zilengezo zofunika zimapita kumeneko, osati ku imelo yanu yakale.

Mukalowa, dzitchuleni. Gilly Salmon, katswiri wa ku Britain wa maphunziro a pa intaneti, anafotokoza mu 2000 kuti gulu lotere limakula m'magawo asanu, ndipo awiri oyambirira ndi kulowa bwinobwino m'makina ndi kudziwana. Kugawana nzeru kumabwera pambuyo pake. Ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Munthu safunsa funso loonetsa umbuli wake pakati pa alendo. Lembani mizere inayi: dzina lanu, chimene mumachita, nthawi imene mumawerenga, ndi mbali ya phunziroli imene ikukudetsani nkhawa. Mzere wa nthawiwo ndi wofunika, chifukwa ndi umene udzakupezereni anzanu a maola ofanana ndi anu.

Chachitatu, zipangizo

Apa sindichedwapo. Yesani linki, maikolofoni ndi mahedifoni tsiku la tutorial lisanafike. Tchajani foni kapena laputopu. Mukapeza netiweki yabwino, koperani mafayilo a sabata yonse kuti muziwerenga popanda intaneti. Apu ya Moodle ya pa foni imalola zimenezi ngati yunivesite inatsegula mwayiwo. Kanema amadya data yambiri kuposa mawu, choncho netiweki ikayamba kudukaduka, zimitsani kamera yanu, mutsale ndi mawu. Mukhale ndi nambala ya mnzanu mmodzi wa m'gulu woti mukadukidwa akuuzeni pamene afika. Foni yokha ndi yokwanira kumvetsera ndi kuyankhula, koma phunziro la masamu kapena matebulo limafuna sikirini yokulirapo.

Chachinayi, musapite chimanjamanja

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ambiri amalowa tutorial ngati akupita kukamvera lekichala kachiwiri: amakhala chete, tutor n'kumayankhula yekha, ola n'kutha. Akatuluka amati sizithandiza. Zoona, mwa njira imeneyo sizithandiza. Tutorial ili ngati kupita kwa dokotala. Amakuthandizani malinga ndi pamene mwaloza kuti pakupweteka. Ndipo kuti mudziwe pamene pakupweteka, muyenera kukhala mutalimbana kale ndi phunzirolo panokha.

Kutatsala masiku awiri, werengani mutu wa sabatayo kamodzi, mosathamanga. Mukamaliza, tsekani buku, tengani pepala loyera, lembani zonse zimene mukukumbukira m'mawu anuanu. Zimawawa, chifukwa mumapeza kuti zimene mumaganiza kuti mwazimva zasungunuka. Koma kuwawa kumeneko n'kumene kumakhazikitsa phunzirolo m'mutu. Mu 2006, akatswiri a zamaganizo Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapatsa ophunzira nkhani zoti awerenge. Ena anazibwereza kuwerenga, ena anayesedwa kulemba zimene akukumbukira. Patapita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga aja ndiwo anachita bwino. Patapita sabata, zinatembenuka: odziyesa aja ndiwo anakumbukira zambiri. Kuwerenga mobwereza kumakunamizani kuti mwadziwa, chifukwa mawuwo akuoneka odziwika m'maso.

Tsopano tsegulaninso buku, yerekezani ndi pepala lanu, ndipo yesani mafunso a kumapeto kwa mutuwo, ngakhale awiri okha. Pamene mwakodwa, musafufute. Ntchito yolakwikayo ndi imene mupite nayo.

Ndiye konzani funso. Kufunsa ndi luso, ndipo ambiri sanaphunzitsidwepo. Wina amalemba kuti: "Aphunzitsi, mutu 4 sindikuumva." Tutor ayambira pati? Angabwereze mutu wonse, inu n'kusocheranso pamalo omwewo. Wina amalemba kuti: "Aphunzitsi, pa funso 3 la mutu 4 ndapeza avereji ya 12, koma buku likuti 14. Ndaphatikiza 8, 12 ndi 16 n'kugawa ndi 3. Kodi ndinayenera kuwerengeranso kuti nambala iliyonse yapezeka kangati?" Funso lachiwirili likunena malo, likuonetsa njira imene munthuyo anadutsa, ndipo likuperekanso ganizo lake. Tutor amaliyankha m'mizere iwiri, ndipo anzanu ena asanu amene analakwa chimodzimodzi amapindula nawo. Nthawi zina mukamalemba funso mwa njira imeneyi, yankho limatulukira lokha musanatumize.

M'maphunziro a zokambirana, monga malamulo, mbiri kapena maphunziro a zachikhalidwe cha anthu, njira yake ndi yomweyi, kungoti m'malo mwa manambala mumabweretsa mfundo: wolemba uyu akuti chakuti pa tsamba lakuti, winayu akutsutsa, ine ndikuona kuti woyambayo ali ndi umboni wamphamvu pa chifukwa ichi, kodi ndaphonya pati?

Ngati n'kotheka, tumizani funsolo m'gulu kutatsala tsiku limodzi. Tutor wabwino amakonza ola lake motsatira mafunso amene alandira, ndiye amene watumiza msanga ndiye amawongolera kalasi.

Chachisanu, muli mkati mwa msonkhano

Lowani kutatsala mphindi khumi. Tsekani maikolofoni pamene simukuyankhula, ndipo dzina limene likuoneka pa sikirini likhale lanu lenileni, osati la foni. Tsekaninso mauthenga ena onse; ola limeneli mwalivutikira.

Yankhulani m'mphindi 15 zoyambirira, ngakhale pang'ono. Mukachedwa, lilime limalemera, ndipo mumatuluka ndi funso lanu lili m'thumba. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ngati mawu akukuvutani, kapena muli pamalo aphokoso, lembani pa chat. Ngati simunamve, nenani pomwepo kuti, "Pepani aphunzitsi, ndatsalira pamene munachoka pa mzere wachiwiri kupita wachitatu." Musadikire kumapeto.

Tutor akakugawani m'tizipinda ta pa intaneti ta anthu atatu kapena anayi, ena amaona ngati ndi nthawi yopuma. Kwa ine mphindi zimenezo ndi zamtengo wapatali kuposa zina zonse. Eric Mazur, mphunzitsi wa physics ku Harvard, anayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuphunzitsa motere: amafunsa funso, aliyense n'kusankha yankho payekha, kenako n'kukambirana ndi woyandikana naye, n'kuyankhanso kachiwiri. Ankaona kuti olondola amachuluka pa ulendo wachiwiri. Chifukwa chake n'chomveka: mnzanu amene wangomvetsa kumene akukumbukirabe pamene panali chopunthwitsa, pamene katswiri anadutsapo kalekale mpaka anaiwala kuti pali mwala. Choncho m'kachipindamo musadikire wina. Nenani yankho lanu ndi chifukwa chake, funsani mnzanu lake, ndipo mukasiyana musafulumire kugonja. Wina akangokhala duu, mutchuleni dzina mwaulemu: "Nanga inu achimwene, mwapeza chiyani?"

Manotsi anu asakhale kukopera zimene zili pa sikirini, pakuti zimenezo mudzazipeza. Lembani zimene zasintha m'mutu mwanu: ndimaganiza kuti chakuti, koma n'chakuti. Lembaninso zimene tutor wabwereza kawiri, ndi zolakwa zimene wati ophunzira amakonda kuchita. Msonkhano ukatha, musaimirire msanga. Tengani mphindi zisanu, lembani chimene mwamvetsa, chimene chatsalabe, ndi chimene muchite gulu lisanakumanenso.

Mukalephera kupezekapo

Zidzachitika, ndipo n'chifukwa chake munasankha njira imeneyi. Koma zojambulidwa zili ndi msampha wake: popeza zilipo nthawi zonse, sizionedwa nthawi iliyonse. Zimaunjikana mpaka sabata ya mayeso, munthu n'kukhala ndi maola 12 a kanema oti aonere usiku uwiri. Dziikireni lamulo loti muonere pasanathe masiku awiri, pa chigawo chosungira chija, cholembera chili m'manja. Tutor akafunsa funso, imitsani kanemayo, yankhani nokha papepala, kenako mumve zimene anzanu anayankha. Mukamaliza, lembani kanthu m'gulu, kaya funso kaya ndemanga pa zimene zinakambidwa, kuti anzanu adziwe kuti mulipo. Ngati mukudziwiratu kuti simudzakhalapo, tumizani funso lanu pasadakhale, mudzapeza litayankhidwa m'kanemamo.

Zolemberana za pakati pa sabata

Kwa munthu wa mashifiti kapena wa netiweki yovuta, mbali imeneyi ndiyo kalasi yeniyeni, chifukwa siifuna kuti nonse mukhalepo nthawi imodzi. Isankhireni nthawi, katatu pa sabata, mphindi 20, m'malo momangosuzumira tsiku lonse. Musanafunse, onani ngati wina sanafunse kale. Funso lanu mulipatse mutu womveka, monga "Mutu 4, funso 3, avereji", osati "Thandizeni". Yesetsani kuyankha mnzanu mmodzi pa sabata, ngakhale musali otsimikiza. Nenani kuti umu ndi mmene ndamvera ine, tutor akonza ngati mwaphonya. Mukathandizidwa, bwererani mukanene kuti zatheka ndiponso chimene chinali cholakwika.

Kumbukirani kuti zolemba zilibe nkhope. Mawu amene pakamwa akanamveka nthabwala, polemba amabaya. Tsutsani mfundo, munthuyo mumusiyire ulemu wake.

Kagulu kanu ka anthu ochepa

Pofika sabata yachitatu mudzakhala mutaona amene amabwera atakonzeka ndiponso amene maola awo akufanana ndi anu. Pemphani awiri, atatu kapena anayi kuti muzikumana panokha pakati pa ma tutorial. Musapitirire asanu. Maximilien Ringelmann wa ku France anafalitsa mu 1913 zimene anapeza poyesa anthu okoka chingwe: gulu likamakula, mphamvu imene aliyense amaikapo imachepa. Gulu la pa WhatsApp la anthu 200 lili ndi ntchito yake yokumbutsana masiku, koma simungaphunziriremo. Aliyense amayembekeza kuti wina ayankha.

Gwirizanani zinthu zochepa pa tsiku loyamba, ndipo muzilembe: tsiku ndi ola lokumana, mutu wa sabata iliyonse, amene atsogolere, ndi kuti m'kagulumo muzilowa za phunziro zokha. Utsogoleri uzizungulira. Pa akaunti yaulere, Zoom imadula msonkhano pa mphindi 40, ndipo Google Meet imadula wa gulu pa mphindi 60. Malire amenewa muwatenge ngati bwenzi. Mphindi 40 zimakwana motere: zisanu aliyense anene pamene wafika, 25 mulimbane ndi mafunso awiri ovuta, khumi mufunsane mafunso mabuku atatsekedwa n'kugawana zochita.

Kugawana mitu kuti aliyense akafotokozere anzake ndi njira yabwino, chifukwa wofotokoza amaphunzira kawiri. Koma chenjerani ndi ulesi umene umabisala m'menemo. Ngati mwawerenga mutu wanu wokha n'kudalira manotsi a anzanu pa mitu inayo, pa mayeso mudzadziwa gawo limodzi mwa magawo anayi. Aliyense awerenge zonse, koma azame pa gawo lake.

Palinso njira ina imene ndimaikonda kwambiri: kuwerengera limodzi mwakachetechete. Mumalumikizana, aliyense n'kunena chimene achite, n'kutseka maikolofoni. Mumagwira ntchito mphindi 25, kupuma zisanu, monga mwa njira ya Pomodoro ya Francesco Cirillo, kenako aliyense n'kunena pamene wafika. Palibe amene akuphunzitsa mnzake, komabe kudziwa kuti wina akukufunsani pakatha mphindi 25 kumakukhazikani pampando pa tsiku limene thupi likukana.

Magulu asachuluke. Mapanga awiri avumbwitsa. La tutor ndi kanu kakang'onoko n'zokwanira. Ndipo mphekesera iliyonse yoti tsiku la asayimenti lasintha, kapena kuti mutu wakuti sudzabwera pa mayeso, muitsimikize kwa tutor kapena pa chilengezo cha yunivesite musanaikhulupirire.

Malire a kuthandizana ndi kuonerana

Nkhani iyi ndiikamba mosabisa, chifukwa yapweteketsa anthu a mtima wabwino. Pa asayimenti imene aliyense ayenera kulemba yekha, mungakambirane chimene funso likufuna, mfundo za m'buku, ndi kumene mungapeze zowerenga. Mungachitire limodzi mafunso ena ofanana nalo. Koma pofika polemba yankho lenileni, aliyense atseke chitseko. Musatumizirane fayilo, musajambulirane chithunzi cha yankho, musagawane ndime. Mapulogalamu ngati Turnitin amayerekeza ntchito yanu ndi za pa intaneti, zofalitsidwa, komanso ntchito za ophunzira ena zimene zinaperekedwa kale. Ntchito ziwiri zikafanana, m'mayunivesite ambiri wopereka ndi wolandira onse amayankha mlandu, ndipo kunena kuti ndimangomuonetsa mmene ndayalira sikupulumutsa.

Chovuta n'chakuti wopempha amakhala mnzanu weniweni, amene mwina mwana wake wagonekedwa m'chipatala. Musamukanize mouma, koma fayilo musapereke. Muuzeni kuti: "Achemwali, fayilo sindingatumize, tingapweteke tonse awiri. Koma ndili ndi theka la ola usiku uno, tiyeni tikambirane funsolo, ndipo mawa mulembere aphunzitsi kupempha masiku owonjezera." Mwamuthandiza koposa.

Njira yodzitetezera ndi yosavuta. Mukakambirana, lembani timfundo tochepa m'mawu anu, dikirani mpaka mawa, kenako lembani nokha. Sungani zolemba zanu zoyambirira, chifukwa ndi umboni woti ntchitoyo inakula m'manja mwanu. Za mapulogalamu a AI olemba okha, malamulo amasiyana phunziro ndi phunziro, choncho werengani a phunziro lanu, ndipo pokayika funsani tutor molemba kuti yankho lake mulisunge. Wina akalowa m'gulu n'kumatsatsa kuti amalembera anthu ma asayimenti, mutulutseni ndipo mudziwitse tutor. Zojambulidwa za tutorial nazonso musazitumize kunja kwa gulu. Muli mawu ndi nkhope za anthu amene sanavomere zimenezo.

Pa ntchito imene yunivesite yati muchite pagulu, nkhani ndi ina: gawanani molemba, ikani tsiku lanulanu lomalizira kutatsala masiku atatu, ndipo wina akasowa, dziwitsani tutor msanga, osati usiku womaliza.

Asayimenti ikabwerako, ndi mayeso akayandikira

Musangoona malikisi n'kutseka. Werengani ndemanga za tutor, sankhani ziwiri zimene zikubwerezeka, mupite nazo ku tutorial: "Aphunzitsi, mwalemba kuti ndikungofotokoza osaunika. Mungandionetse pa ndime yachiwiri mmene ndikanaunikira?" Kutatsala masabata anayi kuti mulembe mayeso, kagulu kanu kasinthe ntchito. Aliyense alembe yekha pepala la mayeso akale, wotchi ili patsogolo, kenako mukumane kuyerekeza njira zimene mwadutsa. Mafunso amene akukanikani nonse ndiwo mupite nawo ku tutorial yomaliza.

Mukatsalira m'mbuyo

Ndanena kuti musapite chimanjamanja, koma lamulo limeneli lili ndi pothera pake. Munthu akatsalira masabata awiri, manyazi amamuuza kuti ayambe wapeza anzake kenako adzaonekere. Amajomba tutorial yachitatu kuti awerenge za yoyamba, gulu n'kumapitabe patsogolo, mpata n'kumakula. Imeneyi ndi njira imene ambiri amatulukira osabweranso. Mukafika pamenepa, lowani m'gulu ngakhale musanawerenge kalikonse. Yambirani pa mutu umene anzanu ali sabata imeneyo, ndipo yotsalayo muziibweza umodziumodzi pa chigawo chosungira chija, kuyambira imene asayimenti yotsatira ikuifuna.

Tsiku lomwelo lemberani tutor. Osachulutsa mawu: "Aphunzitsi, ndatsalira mitu 5 ndi 6 chifukwa cha matenda pakhomo. Asayimenti yachiwiri ndi ya pa 14. Ndiyambire pati kuti ndiikwanitse, ndipo ndingapemphe bwanji masiku owonjezera?" Pempho lotere limamveka bwino tsiku lisanafike, ndipo mayunivesite ambiri amafuna umboni monga kalata ya kuchipatala, choncho usungeni. Ngati mwaona kuti semesita yonse yakukanikani, funsani za kuimitsa kaye phunzirolo mwalamulo, ndipo mudziwe tsiku lomaliza lochitira zimenezo. Kungosowa osanena kumalembedwa ngati kulephera, ndipo kungakhudze ndalama zimene munalipira ndi mwayi wolembetsanso.

Inunso muziyang'ana amene wazimirira. M'kagulu ka anthu anayi n'zosavuta kuona. Akajomba kawiri motsatizana, musamufunse pagulu, mulembereni payekha: "Achimwene, takusowani Lachitatu lapitali ndi linalo. Tili pa mutu 7. Ingolowani, ngakhale musanawerenge, tikufotokozerani pamene tafika." Uthenga wotere unandipeza ine m'semesita yanga yachitatu, nditatha masabata atatu osatsegula buku, ndipo Lachitatu lotsatira ndinalowa.